Kanyula, PICC kapena port: iti ingamuyenere wodwala khansa wochokera ku Salima?

Wodwala wa ku Salima amene akulandira mankhwala a khansa a m'mitsempha ku Kamuzu Central Hospital amayenda makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kawirikawiri milungu itatu iliyonse. Choncho posankha chipangizo cholowetsera mankhwalawo m'mitsempha, kaya kanyula, PICC kapena port, funso lalikulu n'lakuti: mukabwerera kumudzi, adzasamalira chipangizocho ndani?

Kanyula aliyense amaidziwa. Namwino amaibaya kuseri kwa dzanja kapena pamkono, yabuluu ya saizi 22 kapena yapinki ya saizi 20, dripi ikatha n'kuichotsa. Kunyumba mulibe choti musamalire. Vuto lake ndi lakuti mitsempha ya pamkono ndi ing'onoing'ono, magazi amayenda pang'ono, ndiye mankhwala aukali amaiwotcha mpaka imauma n'kuyamba kubisala. Mankhwala a khansa monga doxorubicin, wofiira uja, ndi vincristine akatayikira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu n'kusiya chilonda chovuta kupola. Mukamva kuwotcha kapena mukaona kutupa dripi ili mkati, itanani namwino nthawi yomweyo, musapirire. Amayi amene anachotsedwa bere pamodzi ndi anabere a m'khwapa (ma lymph node) amabayidwa mkono wa mbali inayo, ndiye mitsempha yake imatha msanga.

PICC ndi kapaipi kofewa, kotalika masentimita 40 kapena kuposerapo, kolowera pamwamba pa chigongono n'kukathera mu mtsempha waukulu pafupi ndi mtima. Kumeneko magazi ndi ambiri, mankhwala amasungunuka asanawotche kanthu. Koma nsonga yake imatsala panja. Pulasitala woonekera mkati amasinthidwa masiku 7 alionse, kapaipiko n'kutsukidwa, ndipo akanyowa kapena kumatuka amasinthidwa tsiku lomwelo. Ndi thukuta la Okutobala la kunyanja kuno, pulasitalayo kufika sabata n'kovuta. Kusamba m'nyanja ku Senga Bay, kupalasa bwato, kusenza ndowa: zonsezi ayi. Kwa amene amakhala kutali ndi chipatala, PICC ndiye yovutitsa kwambiri pa zitatuzi.

Port imabisika yonse pansi pa khungu. Ndi kabokosi ka titanium kapena pulasitiki, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo, pamwamba pake pali mphira wa silikoni. Dokotala amakaika pachifuwa, m'munsi mwa fupa lopingasa la pansi pa khosi, n'kulumikiza kapaipi kolowa mu mtsempha wa m'khosi. Opaleshoni yake sikawirikawiri kupitirira ola limodzi, ndipo jakisoni wa dzanzi amakwanira. Bala likapola mumangoona kachotupa kolimba. Mutha kusamba, kuchapa, kupita kumunda. Imatha kukhala zaka.

Koma port ili ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pamene zinthu zimalakwika. Imabayidwa ndi singano ya Huber yokha, yopindika kunsonga, imene imang'amba mphira popanda kubudula chidutswa. Singano wamba imabowola mphirawo, port n'kuyamba kudontha mkati mwa thupi. Namwino amapukuta khungu ndi mankhwala opha majeremusi a chlorhexidine kapena ayodini n'kudikira liume, amagwira kabokosiko ndi zala zitatu, n'kubaya molunjika mpaka singano itagunda pansi pake. Kenako amakoka pang'ono: magazi akapanda kubwera, mankhwala a khansa asalowe mpaka chifukwa chake chidziwike. Mwina magazi aundana kunsonga, mwina kapaipi kapindika, mwina kabokosiko katembenuka. Potsuka, sirinji ikhale ya 10 ml kapena kuposa, chifukwa yaing'ono imakankha mwamphamvu moti itha kuphulitsa kapaipi. Madzi a mchere a m'dripi (saline) amakankhidwa modukizadukiza kuti achotse zotsalira m'mbali. Singano ikasiyidwa pomwepo isapitirire masiku 7, ndipo port yosagwiritsidwa ntchito imatsukidwa milungu 4 mpaka 8 iliyonse.

Ndiye amene mwaikidwa port ku India kapena ku South Africa, musakwere ndege musanatenge singano za Huber zokwanira ndi kakhadi kolemba mtundu wa port yanu. Mukafika, kambiranani ndi a ku Salima District Hospital kapena ku Lilongwe za amene azikutsukirani. Ngati mankhwala ndi a maulendo ochepa ndipo mitsempha ikuoneka bwino, kanyula ndi yokwanira. Ngati ndi a miyezi 6 kapena kuposa ndipo wotsuka wapezeka, port imaposa zinzake zonse.

Pa PICC ndi port pomwe, kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera mutangotsukidwa musakuyese malungo wamba, ngakhale kuno ali ponseponse. Yezetsani malungo, inde, koma uzani adokotala kuti muli ndi kapaipi kofika kumtima, chifukwa majeremusi akalowera mmenemo amafalikira m'magazi m'maola ochepa. Mkono, khosi kapena nkhope ikatupa mbali ya chipangizocho, mwina magazi aundana mu mtsempha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.