Miyezi 16 chiikireni kachipangizo kothandiza kutota

Sabata yatha mnzanga amene nayenso akudwala shuga anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mukanadziwa zonse zimene mwakumana nazo, mukanavomerabe opaleshoni ija?" Ndinamuyankha kuti inde, koma usiku tulo sitinabwere, chifukwa ndinadziwa kuti ndamubisira zina.

Ndinachitidwa opaleshoniyi mapiritsi othandiza kutota otchedwa sildenafil atasiya kundithandiza, jakisoni wobaya pachida nayenso nditatopa naye. Anandiika cha zigawo zitatu: timachubu tiwiri mkati mwa chida, kathanki ka madzi a mchere m'chinena pafupi ndi chikhodzodzo, ndi kapampu m'thumba la machende. Ukafinya kapampuko kangapo, madzi amachoka m'kathanki n'kudzaza timachubuto. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti njirayi ndi yakale ndithu, dokotala Brantley Scott anaiyambitsa mumzinda wa Houston ku America mu 1973.

Kulimba kumalimba, tsiku lililonse limene ndafuna. Kukoma kwake sikunasinthe, umuna umatuluka monga kale, ndipo ndikavala palibe angadziwe kanthu. Bala silinachite mafinya, zomwe ndinkaopa kwambiri poti ife a shuga chiopsezo chathu n'chachikulu. Adokotala anakana kundigwira mpaka shuga atatsika. Mutu wa chida sumalimba ngati kale chifukwa timachubu sitiufufumitsa, ndipo utali ndimauona kuti unachepako. Izi anandiuziratu, sindidandaula nazo.

Chondisautsa ndi kapampu. Anandilangiza kuti ndizikakokera pansi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuti kakhazikike pamalo pabwino. Masabata oyambirira thumba linali lotupa, kungolikhudza misozi inkalengeza, choncho ndinkadumphitsa masiku. Kanapolera m'mwamba, pafupi ndi tsinde la chida. Kupopa ndimapopa, koma kabatani kophwetsera kanabisala kumbuyo. Usiku wina m'mwezi wachinayi ndinakhala m'bafa pafupifupi theka la ola, ndikufunafuna kabatanika, ndikungotsina khungu, thukuta lili kamukamu. Mayi akunyumba anagogoda n'kufunsa motsitsa mawu, "Bambo, muli bwino?" Ndinalephera kuyankha. Manyazi amene ndinkaganiza kuti ndinawasiya kuchipatala anandibwereranso onse. M'mawa ndinapita kuntchito chisanaphwe bwinobwino, jekete osaivula tsiku lonse.

Anandipulumutsa ndi mayi akunyumba omwewo. Anandiperekeza kwa adokotala, anaonetsetsa mmene namwino amagwirira, ndipo lero amakapeza msanga kuposa ine. Zaka zija ndinkagona moyang'ana kukhoma, sindinkaganiza kuti tingadzakambirane nkhani zoterezi maso ndi maso. Komabe ndikakhala ndekha, makamaka kukazizira thumba n'kukhwinyata, vutolo lilipobe.

Adokotala akuti kukatsitsa n'kotheka, koma ndi opaleshoni ina. Apa m'pamene mtima wanga umatembenuka. Pogula, woimira kampani yopanga zipangizozi ankayankha foni ikangolira, n'kumanditsimikizira za waranti, pepala la lonjezo la kampani kachipangizo katawonongeka. Nditamufotokozera vutoli anatha masabata atatu ali chete, kenako anandilembera kuti kachipangizo sikanawonongeke, choncho si nkhani yawo. Nditawerenganso pepala lija mofatsa ndinapeza kuti ngakhale katawonongeka, iwo amangopereka china chatsopano. Ndalama ya dokotala, ya mankhwala ogonetsa ndi ya bedi n'zanga. A inshuwalansi anakana kulipira opaleshoni yoyamba, ndipo ngongole yake ndikubwezabe mwezi ndi mwezi. Kuwonjezera apo, kutsegulanso pamalopo kumakweza chiopsezo cha mafinya, ndipo kubwerera m'mbuyo kulibe: timachubu tikalowa, minofu imene imadzaza magazi imawonongeka, moti atachotsa kachipangizoka mapiritsi sangandithandizenso. Kanthu kopangidwa ndi anthu kamatha, ena amati zaka 10 mpaka 15, ndiye tsiku lina ndidzalipiranso.

Tsiku lobweza ngongole ndimaona ngati ndinapupuluma, mwina ndikanasankha kachipangizo ka mtundu wina, ka tindodo topindika kopanda pampu, komwenso n'kotsikirapo mtengo. Masiku ena onse ndimathokoza kuti banja langa linabwerera m'chimake.

Dzulo ndinamuimbira mnzanga uja. Ndinamuuza kuti apite, koma apite ndi akazi awo, afunse adokotala kuti opaleshoni zoterezi amachita zingati pachaka, ndipo asasaine kanthu asanalembedwe papepala kuti zikavuta adzalipira kukonzako ndani. Ndinawonjezera kuti kapampuko azikakokera pansi ngakhale zikupweteka. Pepala la mtengo wa opaleshoni yanga yachiwiri likadali m'dirowa, sindinalisaine.