Honda CRF300 Rally m'misewu ya kuchigwa cha Shire

Njinga yamoto imeneyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa kuno kuchigwa masipeya ake sapezeka, ndipo amene akufuna kuigula adziwiretu zimenezi asanatulutse ndalama.

Ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Ndimakhala pa Nchalo, koma mijigo yowonongeka siikhala m'mbali mwa tala wa M1. Ili kwa Chapananga, kuseri kwa Ngabu, kutsidya kwa Shire kuyambira pa Thabwa mpaka ku Makhanga. Ndimanyamula masipanala, marabala ndi tizitsulo ta pampu ya Afridev, nthawi zina ndi mnzanga kumbuyo. Ndinkafuna njinga yamoto yoti ikwere zikweza za Chikwawa popita ku Blantyre osabanika, komanso yoti ikagwa mumchenga wa mtsinje wa Mwanza ndiidzutse ndekha, osadikira anyamata oweta ng'ombe.

Kulemera n'kumene kunandisankhira njinga. Zinjinga zikuluzikulu zimene alendo amadutsa nazo popita ku Majete n'zosiririka ndithu, koma BMW R 1250 GS imalemera makilogalamu 249, ndipo Yamaha Ténéré 700 imapitirira pang'ono 200. CRF300 Rally ili pa 153, mafuta ali m'thanki. Kusiyana kumeneku simungakumve pa tala. Mudzakumva pa Mtayamoyo, pamene anthu ochokera ku Bangula amawoloka pa bwato kupita mbali ya Makhanga, ndipo njinga imayenera kunyamulidwa ndi manja kuti ilowe m'bwatomo. Eni bwato amayang'ana kaye njinga asananene mtengo.

Injini yake ndi ya 286cc, magiya asanu ndi limodzi, yozizira ndi madzi. Mphamvu si zochuluka, mahosipawa 27 basi, koma pa M1 imayenda 90 kapena 100 osadandaula, ndipo kuposa pamenepo mungathamangirenji msewu wodzaza mbuzi, ngolo ndi akabaza? Chimene ndaikondera kwambiri ndi mawilo. Lakutsogolo ndi la mainchesi 21, lakumbuyo 18, onse a masipoko. Wilo lalikulu kutsogolo limakwera pamwamba pa mikwasa ya ngolo m'malo mogweramo, ndipo pansi pa injini pali mpata wa mamilimita 275, moti zitsa ndi miyala yambiri imangodutsa.

Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, kuchokera ku Johannesburg, kudzera mwa munthu wina woitanitsa magalimoto. Anandilonjeza kuti matayala ali bwino. Inafika lakumbuyo litatha pakati, mapepala a msonkho n'kuchedwanso. Mukamagula njira imeneyi muumirire kuti akutumizireni zithunzi za matayala, tcheni ndi masipuloketi pafupi, osati njinga yonse itaima patali yotsukidwa bwino.

Matayalawo ndikanasintha ndithu ngakhale akanafika atsopano, chifukwa cha makande. Amene sanayendepo ku Ngabu nthawi ya dzinja sangamvetse. Dothi lakuda lija m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi, koma mvula ikangogwa limamata ngati ulimbo. Tayala la mano ang'onoang'ono limadzaza pakangopita mamita ochepa, n'kusanduka losalala, ndiye njinga imangopita kumene yafuna. Ndinaika matayala a mano akuluakulu otalikirana, amene amataya matope wilo likamazungulira. Dunlop D606 ndi Mitas E-09 ndi ena mwa amtunduwu. Dziwani kuti tayala lililonse lamano ngati amenewa limalira pa tala ndipo limadyeka msanga tala akatentha, choncho ngati ulendo wanu wambiri ndi wa Nchalo ndi Blantyre mutenge lapakatikati. Ubwino wina wa njingayi pamakande ndi mudigadi wakutsogolo, amene ali m'mwamba kutali ndi tayala. Ndaonapo njinga za mudigadi wotsika zitaima chilili, wilo litakana kuzungulira chifukwa matope adzaza pakati, mwini wake akukolokosa ndi kamtengo.

Mumchenga nkhani yake ndi mpweya. Buku la njingayi limati matayala akhale pa 22 psi. Ndikafika pa mtsinje wouma ndimaphwetsa mpaka cha m'ma 15, ndiimirire pa zopondera, thupi ndilikokere kumbuyo, giya yachiwiri, moto osauchepetsa. Mukangochita mantha n'kutseka moto, wilo lakutsogolo limamira ndipo mwagona. Koma mpweya ukachepa tayala limatha kuterereka pa rimu n'kuzula valavu ya chubu, n'chifukwa chake ndinaikitsa kachitsulo kotchedwa rim lock kumbuyo. Mukatuluka mumchenga popaninso. Kampope kamanja ka njinga yakapalasa kamakwana, kungoti thukuta lake.

Minga ya mitengo ya mthethe ndiyo mdani wa tsiku ndi tsiku, makamaka m'njira za ng'ombe cha ku Lengwe. Machubu opyapyala ndinachotsa n'kuika okhuthala. Ndimayenda ndi zigamba, guluu, zitsulo ziwiri zochotsera tayala ndi chubu chimodzi cha 21, chifukwa chimenecho chimalowanso kumbuyo pa 18 kongokufikitsani kunyumba, pomwe cha 18 sichingalowe kutsogolo. Njingayi ilibe sitandi yapakati, ndiye pomata tayala mumasaka chitsa kapena njerwa. Sitandi yam'mbaliyo ndinapita nayo kwa wowotcherera pa Nchalo pomwepa kuti aikeko kachitsulo kotambalala pansi, apo ayi imalowa mumchenga njinga n'kugwa inu muli kutali mukumasula mjigo. Yemweyo anandipangira kaliyala. Katundu ndimaika m'zikwama zansalu yolimba. Mabokosi achitsulo ndinawakana chifukwa ukamapalasa ndi mapazi m'matope amatha kukupana mwendo.

Pansi pa injini pamabwera chotchinga cha pulasitiki. Ndinaikapo cha aluminiyamu, pamodzi ndi zoteteza manja zokhala ndi chitsulo mkati kuti chogwirira cha kilatchi chisathyoke ikagwa. Sipuloketi yakutsogolo ndinatsitsa kuchoka pa mano 14 kufika pa 13, ndipo tsopano imakoka bwino ndi katundu poyenda pang'onopang'ono, ngakhale liwiro la pa tala latsikako. Shoko yakumbuyo ndi yofewa, yokoma munthu ukakhala wekha. Ndi zitsulo za mjigo ndinailimbitsa pa sipuling'i mpaka njinga inasiya kukhala pansi.

Za kutentha ndinkada nazo nkhawa, poti mu Okutobala ndi Novembala ku Nsanje ndi ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Injini siinandiwirirepo. Fani imalira pafupipafupi ukamayenda pang'onopang'ono, ndipo mpweya wotentha umaomba mwendo, koma ndiyo ntchito yake. Chofunika n'kutsuka rediyeta, chifukwa matope ouma ndi njere za udzu zimatseka timipata take. Thirani madzi mofatsa, osakolokosa ndi waya. Fumbi nalo si lamasewera. Sefa ya mpweya imene imabwera ndi njingayi ndi yapepala, yosachapa, yongotaya ikada. Ndinagula ya siponji imene ndimachapa n'kuipaka oyilo wake, ndipo m'chilimwe ndimaiyang'ana sabata iliyonse. Oyilo wa injini ndimasintha msanga kuposa mmene buku likunenera, poti olemba bukulo sankaganiza za fumbi la kwa Chapananga.

Mafuta imamwa bwino. Thanki ndi ya malita 12.8, ndipo lita imodzi imanditengera pafupifupi makilomita 30, kucheperako mumchenga. Pa nthawi ya mizere ya mafuta zimenezi zandipulumutsa. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa konkuno ku Chikwawa ndi PressCane, ndipo injiniyi imayenda naye popanda vuto. Chenjezo langa ndi pa petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu. Njingayi ilibe kabuleta yoti makaniko wapansi pa mtengo amasule n'kupemerera. Imagwiritsa ntchito pampu ndi injekita, zomwe sizigwirizana ndi zinyalala kapena madzi. Ndikakakamizika kugula wa m'chigubu ndimasefa ndi kansalu koyera. Ilibenso kiki, ndiye batire likaferatu ngakhale kukankha sikuthandiza, chifukwa pampuyo imafuna magetsi. Batire likayamba kufooka sinthani, musadikire.

Chiyambire namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, malo ambiri amene panali milatho ing'onoing'ono timangodutsa mumtsinje momwemo. Mpweya wa injini umalowera pansi pa chishalo, pamwamba ndithu, moti madzi ofika m'mawondo ndawoloka osazima. Komabe ndimayamba ndafunsa anthu a pamalopo, kapena kuona pamene akudutsa a njinga zakapalasa. Pafupi ndi Shire kapena madambo a Elephant Marsh sindiyesa n'komwe kuyeza madzi ndi mapazi, ng'ona za kumeneko mukuzidziwa. ABS yakumbuyo, imene imateteza wilo kuti lisaime n'kukhukhuluzika ukamanga mabuleki, imazimitsika ndi batani, ndipo pa dothi ndimaizimitsa nthawi zonse.

Chishalo chili pa mamilimita 885. Ine ndine wamtali ndithu koma ndimaponda ndi zala. Munthu wamfupi adzavutika poima pamalo okumbika, pokhapokha aikitse kachitsulo kotsitsa shoko, komwe kamadyako mpata wapansi uja. Chishalocho n'chopapatiza, chabwino poimirira. Paulendo wa Nsanje mpaka Blantyre mudzafuna kupumira pa Dyeratu.

Tsopano za masipeya. Wa njinga yamoto ya Lifo akathyola chingwe cha kilatchi pa Bangula, pa Miseu Folo kapena pa Ngabu, amagula pomwepo n'kupitiriza ulendo. Ine chilichonse ndimaitanitsa kunja, ndipo chimatenga masabata. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inakwera moti tayala limodzi umayamba waliganizira kaye. Ngakhale chubu cha 21 n'chosowa m'misika yathu. Kunyumba ndimasunga sefa za oyilo, mapadi a mabuleki, zogwirira, chingwe cha kilatchi ndi tcheni, ndipo zambiri ndimakonza ndekha. Amakaniko athu ndi aluso pa injini za kabuleta, koma ikayatsa nyali ya injini ambiri amangopukusa mutu.

Ngati ntchito yanu ndi ya m'midzi mokhamokha, ndipo ku Blantyre mumapita pa minibasi, Honda XR150L kapena Yamaha AG200 imene alangizi ndi a mabungwe akhala akuyendera kwa zaka zambiri idzakuchitirani bwino pa ndalama zochepa, kiki ilipo, amakaniko akuidziwa. CRF300 Rally ndi ya munthu amene m'mawa ali pa tala, masana ali pa makande, ndipo ali ndi m'bale kapena dalaivala wodalirika woti azimubweretsera katundu kuchokera ku South Africa. Musaiwalenso kuti pa 286cc laisensi ya A1 siikwana, pamafunika ya A, ndipo apolisi a pa Thabwa amafunsa.