Ndemanga ya Red Dead Redemption 2: Arthur Morgan ndi ngongole ya katapila

Gemu iyi ya pa PlayStation 4 ndinaigula kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe amene anali ataisewera kale, ndipo yanditengera miyezi itatu kuti ndiimalize, chifukwa kuno ku Salima ndimasewera usiku wokha, kutentha kukachepa komanso magetsi akakhalapo. Imabwera ndi madisiki awiri ndipo imadya malo pafupifupi 100GB, choncho wogula ayambe wafufuta magemu ena. Koma chandilembetsa ndemangayi ndi anthu a m'nkhani yake, pakuti ndi amene achititsa kuti ndisadandaule ndalama zanga.

Kampani ya Rockstar Games inaitulutsa mu 2018, ndipo nkhani yake ikuchitika ku America m'chaka cha 1899. Wosewera amakhala Arthur Morgan, mmodzi wa zigawenga za Dutch van der Linde, zimene zikuthawa boma zitalephera kuba m'tauni ya Blackwater. Chigawo choyamba chimayenda mwachidodo, moti mphwanga anatopa nacho n'kubwerera ku gemu yake ya mpira.

Ine chinandikola ndi katapila. M'gululi muli Leopold Strauss, amene amakongoza ndalama anthu osauka, ndipo Arthur ndiye amatumidwa kukalonjerera. Tsiku lina amapita kwa Thomas Downes, mlimi wodwala amene alibe chobweza. Gemu sikuonetsa zimenezi ngati kanema woti mungoonerera, koma inuyo ndi amene mumamugwira ndi kumumenya ndi zala zanu, kufikira iye atatsokomolera magazi pankhope ya Arthur, mkazi wake n'kutuluka akuchonderera. Aliyense wa kuno amene anaonapo munthu akulandidwa njinga kapena mbuzi chifukwa cha katapila adziwa mmene mtima wanga unalemerera. Komabe ndinapitiriza kusewera ndipo ndinaiwala. Patapita masabata ambiri, Arthur anakomoka mumsewu mumzinda wa Saint Denis, ndipo dokotala anamuuza kuti ali ndi chifuwa chachikulu cha TB, chimene nthawi imeneyo chinalibe mankhwala. Ndinaika padi yosewerera pansi n'kukhala duu, chifukwa ndinakumbukira kumene anachitenga, ndiponso kuti amene ndinamupititsako ndine.

Apa ndi pamene ndimayezera kuzama kwa munthu wa mu gemu: zochita zake ziyenera kumutsata, ndipo anthu amene wawalakwira asangokhala mithunzi. Arthur amadzakumananso ndi Edith, mkazi wa Downes, m'tauni ya Annesburg, ali wamasiye amene umphawi wamufikitsa pogulitsa thupi, mwana wake Archie akugwira ntchito mumgodi. Arthur amayesetsa kuwathandiza, koma mayiyo samuthokoza mwachangu ndipo samuuza kuti mlandu watha. Olemba nkhaniyi anachita bwino kwambiri posamupatsa Arthur chikhululukiro chotchipa. Arthur alinso ndi kabuku kamene amalembamo ndi kujambulamo mbalame, mahatchi ndi anthu, ndipo mmenemo ndi mmene mumapezeka manyazi ndi mantha amene pakamwa sawatchula. Ndikulangiza aliyense kuti azikatsegula pafupipafupi, komanso azikhala pamoto ndi anzake ku msasa m'malo mothamangira kukawombera, chifukwa anzake monga Hosea ndi Sadie Adler mumawadziwa bwino pa macheza amenewo.

Dutch nayenso analembedwa mwaluso. Amalankhula ngati bambo wa onse, amalonjeza kuti akaba kamodzi kokha adzapita ku Tahiti kukalima mango, ndipo mpaka lero sindinagamule ngati anasintha m'njira kapena anali wotero kuyambira pachiyambi. Gemu imakusiyirani funsolo, ndipo ine ndinakondwera kuti sinandiyankhire.

Zofooka zilipo. Micah Bell, mmodzi wa gululi, ndi woipa kuyambira pamene mwamuona mpaka kumapeto, ndipo alibe mbali ina iliyonse yoti muidabwe. Chigawo chachisanu, cha pachilumba cha Guarma, chimadula nkhani pamene inali itakoma. Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti Arthur amene akulapa m'kabuku kake ndi yemweyo amene gemu imamukakamiza kupha anthu ambirimbiri pa ntchito yotsatira, ndipo mukafuna kuzemba kapena kudzera njira ina, nthawi zambiri imakulembani kuti mwalephera. Kulapa kwake kukanalemera koposa mukanapatsidwa ufulu wosawombera.

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Si ya ana, chifukwa muli nkhanza ndi mawu otukwana, ndipo Chingelezi chake n'chovuta kumva, choncho yatsani mawu olembedwa m'munsi. Amene akufuna zothamanga asaigule. Ine ndaiyambanso, ndipo ntchito ya kwa Downes ndikuizengereza dala, ngakhale ndikudziwa kuti nkhani sipita patsogolo ndisanakagogode pakhomo pake.