Buku la mbiri ya Benjamin Rush lomwe ndinagula ku Limbe

Mwezi watha ndinagula buku lofotokoza moyo wa Benjamin Rush m'kasitolo kena kogulitsa mabuku akale ku Limbe, ndipo ngakhale chikuto chake chinali chong'ambika, masamba onse analipo, moti sindikudandaula ndi mtengo womwe tinagwirizana nditanenerera.

Rush anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 1776 anali mmodzi mwa osaina chikalata cholengeza ufulu wodzilamulira wa America. Gawo la ndalezo ndinangolidumphadumpha.

Mutu umene unandigwira mtima ndi wa mliri wa yellow fever (nthenda yotenthetsa thupi ndi kuyambitsa chikasu) umene unagwa mu Philadelphia mu 1793. Anthu ambiri atathawa, iye anatsalira mumzindawo n'kumaona odwala usana ndi usiku, koma ankawachiza powachotsa magazi ochuluka komanso kuwamwetsa mankhwala otsegula m'mimba okhala ndi mercury, zomwe zinkangofooketsa anthu odwala kale, popeza nthawiyo palibe ankadziwa kuti nthendayi imafala ndi udzudzu. Wolemba sanamubisire cholakwachi, ndipo ndamuyamikira. Powerenga ndinakumbukira agogo anga omwe ankakhulupirira kwambiri kulumika.

Chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti nkhani yoti Rush ankadzudzula ukapolo pomwe iye mwini anali ndi kapolo yangokhudzidwa pang'ono. Buku lake la 1812 lonena za matenda a maganizo nalonso linafunika malo okulirapo. Chingerezi cha m'buku ndinagulali n'cholimba, choncho wophunzira wa sekondale adzafunika dikishonale pafupi.