Ofesi ya phungu wathu: kalata amalemba, ndalama musayembekezere

Ofesi ya phungu wa dera lathu ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale pamsika, benchi ili pakhonde. Amatsegula Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Eniake simuwapeza kawirikawiri, amakhala ku Lilongwe. Wokulandirani ndi mnyamata wawo, amene amalemba dandaulo lililonse m'kope lalikulu lachikuto chakuda.

Ine ndinapitako ndi nkhani ya mjigo wa m'mudzi mwathu umene unafa, amayi n'kuyambanso kutunga madzi kudambo. Pabenchipo ndinakhala ndi agogo ena ofuna bokosi la maliro a mdzukulu wawo, komanso mayi atagwira kalata ya fizi ya mwana wa Fomu 2, itapindidwapindidwa mpaka kung'ambika m'mizere.

Pa nkhani yanga ndiwayamikire. Mnyamatayo sanandinamize kuti abwana atumiza ndalama. Anandifotokozera kuti zachitukuko zimadzera ku VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), kenako ku ADC (komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu), mpaka kukhonsolo. Analemba kalata, kudinda chidindo cha aphungu, n'kuimbira foni a zamadzi kuboma ine ndili pompo. Mmisiri anabwera, ife tinasonkherana za zipangizo, mjigo unadzuka. Dzina la phungu limatsegula zitseko zimene ine ndikanagogoda mpaka kutopa.

Agogo aja anawalonjeza galimoto yonyamula maliro, koma mafuta agule okha. Mayi uja anamuuza akayesere basale ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, ndipo anachoka misozi ili m'maso. Zinandipweteka, komabe apa aphungu sindiwadzudzula. Ngakhale madera anachuluka kuchoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, dera limodzi lili ndi anthu zikwizikwi, ndipo palibe malipiro a munthu mmodzi amene angagule mabokosi onse ndi kulipira fizi zonse. Ntchito imene tinawatuma ndi yopanga malamulo, kuunika bajeti ndi kutilankhulira. Cholakwa chawo n'chakuti pa kampeni sananene zimenezi, ankalonjeza ngati ali ndi nkhokwe yosatha.

Pamene ndakhumudwa kwenikweni ndi pa CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu. Thumba limeneli linayamba mu 2006, ndipo pofika 2024 linali K200 miliyoni pa dera lililonse. Ndi misonkho yathu imeneyo. Ndinapempha kuona mndandanda wa ntchito zimene zagwiridwa ndi ndalamazi, ndi mtengo wa iliyonse. Yankho linali lakuti, "Mudikire abwana akabwera." Pakhoma pali zithunzi za kampeni zokhazokha, pamene pepala limodzi lolembapo milatho ndi midadada ya sukulu likanakwana bwinobwino. Ndipo poti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lotilola kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, analifafaniza mu 1995, tilibe pomugwira mpaka zaka zisanu zitatha.

Ngati vuto lanu ndi la mudzi wonse, pitani, koma mutenge kalata ya VDC yosainidwa ndi amfumu, ndipo mulawirire anthu asanadzaze benchi. Ngati ndi la pakhomo panu, musawononge ndalama ya kabaza.