Wojambula wa pa ziboliboli ku Old Town saopa utoto

Pa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, zithunzi zambiri n'zofanana: dzuwa likulowa panyanja, asodzi m'bwato, amayi atasenza mitsuko. Koma pali bambo ena a ku Dedza omwe dzanja lawo ndi lina, ndipo ndi omwe ndinawapatsa foto ya malemu agogo anga aakazi kuti aijambule pa kanivasi.

Bambowa anayamba ndi kulemba zikwangwani za magolosale ndi penti wa mafuta, pano amagwiritsa ntchito utoto wa akiliriki, womwe umauma msanga. Anakulira kufupi ndi Chongoni, kumene kuli zojambula zakale za pamiyala zomwe bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau. Mitundu iwiriyi, wofiira ndi woyera, siisowa pa chilichonse chomwe ajambula.

Foto yanga inali yakale, yopanda mitundu. Asanagwire burashi anandifunsa kuti, "Mayi, gogoyu anali munthu wotani? Ankakonda kuseka?" Ndinawauza kuti anali mlimi wa mtedza, wolankhula mokweza, wosasunga mangawa. Chomwe chinatuluka chinandikhazika pansi. Chipumi n'cha olenji ngati munthu woti watandala padzuwa, m'munsi mwa maso muli mthunzi wobiriwira, kumbuyo kuli kufiira kwa dothi la katondo, ndipo duku analiyeretsa mbee! Achimwene anga anadandaula kuti agogo sanali obiriwira. N'zoona, koma Henri Matisse wa ku France anajambula mkazi wake mu 1905 ndi mzere wobiriwira pakati pa nkhope, ndipo chithunzicho anthu akuchisirirabe. Utoto wa bambowa ukuonetsa mtima wa agogo, zomwe foto ija inalephera. Ine ndikachiyang'ana ndimamva mawu awo.

Pofooka palipo. Anachedwa kupitirira tsiku lomwe tinapangana, ndipo manja a agogo sanawasamale ngati nkhope, zala zikuoneka zothamangira. Felemu sapereka, mukakhometse nokha kwa akalipentala.

Mtengo ndi wonenerera, mumapereka theka poyamba, ndipo amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati mukufuna chithunzi chofanana ndendende ndi foto, pitani ku situdiyo. Mukasankha bambowa, tengani foto yooneka bwino nkhope ndipo mukhale ndi nthawi yowafotokozera za munthuyo.