Buku la mapu a nkhondo zakale limene ndinagula pa Nchalo

Pa msika wa Nchalo, kuseri kwa ogulitsa zovala za kaunjika, pali kasitolo ka mabuku akale kamene ndakhala ndikukapitirira kwa zaka zambiri. Mwezi wathawu ndinalowamo kukafuna buku la masamu la mdzukulu wanga, koma ndinatulukamo nditanyamulanso buku lalikulu la mapu a mbiri ya ku Ulaya, lolembedwa m'Chingerezi, lopanda chikuto. Mwini wake ananditsegulira yekha pamene chiswe chinadya, nati, "Aphunzitsi, onani kaye musanalipire," ndipo anatsitsa mtengo ndisanamupemphe.

Masamba amene andigwira mtima kwambiri ndi oonetsa nkhondo za dziko la Sweden. Muvi wofiira ukuyambira pa Peenemünde, ku gombe la kumpoto kwa Germany, pamene mfumu ya Sweden, Gustavus Adolphus, inatsikira ndi asilikali ake mu 1630, n'kutsetsereka chakum'mwera mpaka pa Breitenfeld, pamene anagonjetsa Tilly, kazembe wa nkhondo wa mbali ya Akatolika, mu 1631, kenaka n'kudzaima pa Lützen, pamene mfumuyo inaphedwa mu Novembala 1632 m'kati mwa chifunga ndi utsi wa mfuti. Mizere yake ndi yooneka bwino, moti ngakhale ine wa maso otopa ndimailondola ndi chala popanda vuto.

Chimene bukuli lachita bwino koposa ndi kupaka mtundu umodzi maiko ogwirizana, chifukwa munthu akamatembenuza masamba amaona mitunduyo ikusinthana malo. France, dziko la Akatolika lotsogoleredwa ndi Kadinala Richelieu, lili mtundu umodzi ndi Sweden wa Chilutera, popeza pa pangano la ku Bärwalde la mu Januwale 1631 linalonjeza kupereka ndalama chaka ndi chaka kuti Sweden asunge asilikali 36,000 ku Germany olimbana ndi banja lachifumu la Habsburg, lomwe nalonso linali la Chikatolika. Asilikali a ku Saxony anali mbali ya Sweden pa Breitenfeld, ngakhale kuti anathawa nkhondo ili m'kati. Sweden atagonja pa Nördlingen mu 1634, Saxony anagwirizana ndi mfumu yaikulu ya banja la Habsburg ku Prague mu 1635, ndipo pa tsamba lotsatira ali kale mtundu wa adani. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa mbiri ndinkavutika kufotokozera ana kuti nkhondo imeneyi, yotchedwa Nkhondo ya Zaka 30, sinali ya chipembedzo chokha, pamene masamba awiriwa akuonetsa zimenezi popanda mawu ambiri.

Mapu a chaka cha 1658 ndinakhala nawo madzulo athunthu pakhonde. Akuonetsa mfumu ya Sweden, Charles X Gustav, ikuwolotsa asilikali, akavalo ndi mizinga pamwamba pa nyanja youndana ya Little Belt ndi Great Belt kulowera ku Copenhagen, likulu la Denmark, ulendo umene unakakamiza Denmark kupereka dera la Scania pa pangano la ku Roskilde. Ife a kuno kuchigwa, amene timadziwa mantha owoloka Shire pa bwato madzi atasefukira, sitingalephere kuganizira okwera pa akavalo aja amene anamira madzi oundanawo atasweka pansi pawo.

Zodandaulitsa zilipo. Tsamba la nkhondo ya pa Poltava ya mu 1709, pamene Peter wa ku Russia anaphwanya asilikali a Charles XII, mfumu ya Sweden, ndilo chiswe chinadya pakati penipeni, kotero njira imene Charles anathawira kupita ku Bender, m'dziko la Aturuki, sikuoneka. Mapu sanenanso kanthu za alimi amene ankalandidwa chakudya ndi magulu ankhondowa, ndipo wowerenga ayenera kukafuna zimenezo kwina. Sitoloyo nayo ndi yothina ndi yotentha pansi pa malata, mabuku ambiri ali m'makatoni apansi osasanjidwa, ndipo ndinapempha mwini wake kuti awakweze pa mashelefu mvula isanayambe. Mphunzitsi wa mbiri wa ku Ngabu kapena ku Bangula amene angadutse pa Nchalo apiteko m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo akhale ndi nthawi yofufuza m'makatonimo, chifukwa langali ndinalipeza pansi pa mulu wa mabuku a sayansi.